Maliro a Mayi wa Injini

Mabodza ndanamapo ambiri, ndipo ena ndimawanyadira mpaka lero. Ndine ndinauza ana a folomu wani kuti ahedi alamula aliyense abwere ndi dzira lowiritsa tsiku la mayeso a masamu, alisiye m'katoni pakhomo kuti mutu uziyenda bwino. Mazirawo tinadyera kuseri kwa kalasi ife a folomu fili, ndi mchere umene ndinabwera nawo ndekha. Ndinenso ndinaika nanzikambe m'chikwama cha mtsikana wina amene ankati saopa kanthu. Zimenezo sindikana, ndipo mutandipatsa mpata ndikhoza kubwereza. Koma pa nkhani ya mayi wa injini sindinaname ngakhale liwu limodzi, ndipo ndi pa nkhani yomweyo pamene anzanga anandiimika pakati pa njira n'kunditcha wabodza. Zikundiwawabe pamene ndikulemba pano.

Nkhaniyi inayambira ku vidiyo. Pa Mbombwe pali kanyumba kamalata, kotchinga ndi matumba a feteleza, komwe Loweruka masana timakapanikizana pa mabenchi kuonera mafilimu omasuliridwa m'Chinyanja. Chaka china kunabwera filimu ya chombo chachikulu choyenda pakati pa nyenyezi. Anthu a m'chombomo dziko lawo linapsa, ndiye ankangoyenda kusaka kwina kokakhala. Munali kaputeni wamtali wosaseka, munali anyamata a mfuti zotulutsa kuwala, koma ife tonse mtima unali pa mayi wina wamfupi, waimvi, wovala ovololo yodetsedwa ndi girisi. Iyeyo ndiye ankakonza injini. Sipanala yake sinkachoka m'thumba, ndipo womasulira filimuyo anamupatsa pakamwa pa mayi wogulitsa tomato pamsika. "Akaputeni, mukaithamangitsanso chonchi injiniyi mutsika mukankhe nokha!" Benchi yonse inkagwedezeka. Dzina lake lachizungu linkatipinda lilime, choncho tinkangoti mayi wa injini.

Teremu yotsatira kusukulu kwathu kunafika makatoni a mabuku ochokera kunja. Ambiri anali a mahatchi ndi a ana osewera pa chipale chofewa, oti ngakhale chiswe chinkawalambalala. Koma pansi pa katoni ina panali mabuku a chombo chathu chija, nkhani zopitiriza pamene filimu inalekezera. Anali ndi manambala pamsana, koma osakwana: la thuu, la folo, la sikisi, ndi lina la nambala yakutali limene palibe analifuna. Madamu athu a Chingerezi, omwe amasunganso kiyi wa laibulale, sanalole kuti wina awagwire asanakutidwe. Anawakuta onse ndi mapepala a matumba a simenti, anamata, n'kulemba nambala pamwamba ndi cholembera chakuda. Kenako anaika lamulo: munthu mmodzi buku limodzi, kubwerekana ayi, ndipo wong'amba peji asadzapondenso mu laibulale.

Buku lachingerezi lonenepa choncho silitha msanga, makamaka ukamaliwerenga pobwera kotunga madzi, dikishonale ili kusukulu. Ndiye ife oyenda njira imodzi, yolowera cha ku Milepa, tinagawana. Aliyense awerenge lake, kenako azifotokozera anzake poweruka, motsata manambala. Wofotokoza ankayenda pakati. Chikwama chake ankanyamula ena, nzimbe ikapezeka mfundo yakutsinde inali yake, ndipo palibe ankaloledwa kumudula pakamwa. Malo a pakatiwo ine ndinkawafuna kuposa mmene ndinkafunira kukhoza masamu. M'kalasi muli odziwa sayansi, muli odziwa mpira. Ine changa ndi pakamwa, ndipo panjira paja ndi pokhapo pamene pakamwa panga pankandipatsa ulemu m'malo mwa chibalo.

La thuu anatenga msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene timakhala desiki imodzi. Analifotokoza mwaulemu ngati akuwerenga kalata ya ku tchalitchi, koma tinamva. La folo ndinatenga ine. La sikisi anatenga mnyamata wina wa folomu folo, pulifekiti, yekhayo pagulu lathu amene anali ndi njinga. Ndizingomutcha mwini njinga, chifukwa ngakhale iyeyo atati adzifotokoze angayambe ndi njingayo. Sankatsika. Ife tikuyenda, iye ankapalasa pang'onopang'ono pambali pathu, chipewa chili pamutu, akutiyang'anira m'mwamba.

Buku langa linali labwino, ndipo ndinalifotokoza bwino. Izi ngakhale adani anga amavomera. Kumapeto kwake chombo chikudutsa pafupi ndi nyenyezi yotentha, paipi yaikulu ya injini yaphulika, ndipo pakufunika munthu woti alowe m'kati akatseke ndi manja. Wolowayo satulukamo, kutentha kwake n'kosapulumuka. Mayi wa injini ali ndi kamnyamata kamene amakaphunzitsa ntchito, kamakani, kakuti kalowa ndi iko. Mayiyo akungoti, "Chabwino, koma thamanga kaye kuchipinda kwanga ukanditengere sipanala, ndaiiwala pa bedi." Sipanala imene sinkachoka m'thumba ija! Anaisiya dala. Kamnyamata pobwera nayo kakupeza chitseko chokhoma. Kakumenya chitsekocho ndi sipanala yomweyo, m'katimo mayi akulankhula ndi kaputeni pa wailesi, akumudzudzula chifukwa choyendetsa chombo ngati minibasi, mawu akunka nachepa, akunka nachepa, mpaka zii. Mtembo sunapezeke. Anaika sipanalayo m'kabokosi n'kuitaya kunja, pakati pa nyenyezi.

Tsiku limenelo tinayenda kuchokera pa mlatho wa mitengo mpaka pa chigayo popanda wotsokomola. Msuweni wanga ankapukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu. Ngakhale mwini njinga anasiya kuliza belu.

Sabata yotsatira inali nthawi yake. Anakonza pakhosi ali pa chishalo, n'kuyamba: "Buku la sikisi likuyamba m'mawa. Mayi wa injini wakhala pa chitini, akumwa tiyi..."

"Tadikirani achimwene," anatero msuweni wanga, kuiwala lamulo. "Mayi wa injini wake uti?"

"Alipo angati?"

"Mesa anafa?"

"Anafera kuti? Ali pano, peji yoyamba, tiyi ali m'manja." Anatulutsa bukulo m'malaya n'kuloza ndi chala. Tinaunjikana. Dzina lopinda lilime lija linalipodi, tiyi analiponso.

Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Aise, watiphikiranso?" anatero wina.

"Ndaphika chani? Anafa! Mwina buku lakelo likunena zakale, asanafe."

"Sikisi amabwera pambuyo pa folo, achemwali," anatero mwini njinga. "Kapena tikubweretsereni dzira kuti mutu uyende?"

Anaseka onse kupatula msuweni wanga. "Tionetse pamene analemba kuti wafa," anatero.

Apa ndi pamene akulowera atsibweni anga, mchimwene wawo wa amayi. Ukwati wawo unatha ndipo anabwerera kwathu. Amakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba yathu, amalima fodya wawo wa chingambwe pachulu, ndipo amatsokomola moti mudzi wonse umadziwa kuti adzuka. Lamulungu lapitalo ndinali nditasiya buku pakhonde n'kupita kutchalitchi. Pobwera ndinawapeza akhala pa kampando kawo, utsi uli tolo, buku lili pamwendo.

"Pepala ili ndi labwino, mwanawe," anatero. "Lofewa, silinunkha inki ngati nyuzi."

"Atsibweni, ndi buku la sukulu limenelo!"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndayambira kumapeto, kuti ndisakusokoneze poyambira. Mesa unati wamaliza?"

Anapichira imfa yonse ya mayi wa injini. Chitseko, wailesi, kabokosi, zonse zinatulukira m'mphuno mwa atsibweni. Buku langa linkathera pamene kamnyamata kakuthamangira sipanala.

Ndinawafotokozera anzanga zimenezi, zoona zokhazokha, ndipo ndi pamene anasekeratu mpaka wina kukhala pansi. "Mwamva? Umboni anasuta atsibweni!" Mwini njinga analandira bukulo, anaona pothera, n'kundibwezera ndi zala ziwiri.

"Mwana wapita kukatenga sipanala, basi. Abwera nayo, akonza paipi, amwa tiyi. Zina zonsezo n'zako. Mapejiwonso wang'amba wekha kuti tisakugwire."

Mlandu unathera pomwepo. Gulu linagamula kuti ine pakati ndisadzayendenso, ngakhale kutabwera katoni ina ya mabuku, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndizinyamula chikwama cha wofotokoza. Ine! Kunyamula chikwama cha munthu amene ali ndi keliyala yopanda kanthu! Koma chondipweteka kwambiri chinali cha msuweni wanga. Anadikira ena apite patsogolo, n'kunena motsitsa: "Za mazira ndinaseka nawe. Koma apa ndinalira ine, misozi yeniyeni, anthu akuona. Usandiyankhulenso."

Ndinayesa kusaka umboni. Nditafika kunyumba ndinagwada kuseri kwa kanyumba ka atsibweni kutola zotsalira za ndudu zawo, nkhuku zikundidabwa. Ndinazifunyulula chimodzichimodzi. Zambiri zinali zakuda ndi utsi, koma pa kachidutswa kena panatsala timawu tachingerezi tonena kuti chitseko chinali. Chinali chotani? Pamenepo moto unadya. Ndinapita nako kachidutswako mawa lake, nditakakulunga mu mpango ngati mankhwala. Mwini njinga anakawerenga, anakanunkhiza, n'kunena kuti, "Chinali chotsegula." Anakapemerera, kanagwera m'udzu.

Ndiye ndinayenda kumbuyo, chikwama cha pulifekiti chili pamsana, kumvetsera buku la sikisi. Anthuni, buku limenelo ndi mbola. Sindikunena chifukwa cha mkwiyo, ngakhale mkwiyowo ulipo. Peji iliyonse akuwomberana. Akatopa kuwomberana m'chombo akutsikira pa dziko lina kukawomberana kumeneko. M'buku langa madzi ankagawana ndi kapu, wotaya dontho ankaitanidwa kwa kaputeni. M'buku lake anthu omwewo akusambira m'dziwe, m'kati mwa chombo. M'buku langa kaputeni ali ndi mwana wamkazi amene sayankhulana naye. M'lake akuuza mtsikana wina wa khungu lobiriwira kuti sanakwatirepo. Kamnyamata kophunzira ntchito kaja mulibe, ngati kanamezedwa. Ndiye mayi wa injini wakeyo! Kaputeni akati thamangitsa injini, iye akuti, "Inde bwana." Inde bwana! Mayi uja? Sipanala osaitchula ngakhale kamodzi.

Ndinkazinena zimenezi ndili kumbuyoko, mokweza.

"Dziwelo madzi ake achokera kuti?"

"Wonyamula katundu sayankhula," anatero mwini njinga osacheuka.

"Nanga mwana wa kaputeni wapita kuti?"

"Mwina nayenso anamusuta atsibweni ako."

"Buku lakolo analemba ali m'tulo."

"Lako ndi la anthu olira. Langa ndi la ntchito." Kenako anaima, phazi limodzi pansi, n'kutembenuka kuti onse amve. "Tangondiuza, mayi wakoyo ngati anafa, maliro ake anachitikira mudzi uti? Ine njira ino ndimadutsa tsiku lililonse, masamba sindinawaonepo. Tsiku limene ndidzawaone ndidzatsika njinga ndekha, chipewanso ndidzavula."

Munthu asamandiuze zinthu ngati zimenezo ine.

Lachisanu ndinadwala m'mimba piriyodi yomaliza isanayambe, matenda amene amandigwira nthawi zonse kukakhala ntchito yofunika. Chikwama cha pulifekiti ndinamusiyira mwini wake, ndinathamanga. Njira yathu imadutsa m'mphepete mwa nyumba yathu, ndipo mtengo wa mango umene ndimaudziwa nthambi zake zonse uli pomwepo. Ndinathyola nthambi za masamba obiriwira n'kuziyala mopingasa njira, kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira kukagwa zovuta, kuti wodutsa adziwe, wanjinga atsike, wachipewa avule. Ndinaziyala bwino, osati mwachibwana. Kenako ndinatenga chitenje cha amayi pachingwe, ndinafunda kumutu, n'kukhala m'mbali mwa njira, miyendo yotambasula, nkhope pansi.

Anzanga asanafike panadutsa wakabaza wina atanyamula mayi wa dengu la tomato. Anatsika onse awiri, anayenda wapansi mwaulemu, ndipo wakabazayo anayang'ana kanyumba ka atsibweni n'kupukusa mutu. "Chifuwa chija," ndinamumva akunong'ona. Ndikanaganizapo pamenepo, koma ndinali nditamva kale belu la mwini njinga kumtunda.

Ankabwera ali m'kati mwa nkhondo, mawu ali pamwamba, "ndiye anamuwombera, ndiye winayo anamuwomberanso," kenako mabuleki anati kwii. Chete. Ndinasuzumira kunsi kwa chitenje. Mwini njinga, amene sankatsika ngakhale pa mlatho wa mitengo, anatsika. Anavula chipewa n'kuchipana m'khwapa. Anadutsa masamba akukankha njinga, ena onse ali pambuyo pake, mitu pansi. Msuweni wanga yekha ndiye anaima n'kuyang'anitsitsa chala changa chachikulu chakuphazi, chimene chimavina chokha ndikamabisa chiseko. Anachidziwa, koma sanandiulule.

Pulifekiti anaimika njinga, ananjuta patsogolo panga, manja pamodzi.

"Pepani achemwali," anatero, ndi mawu aulemu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. "Ndani watisiya?"

Ndinavundukula chitenje.

"Mayi wa injini," ndinatero. "Buku la folo. Zikomo potsika."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndidzakukumbukira ndili nkhalamba yopanda mano. Mnzathu wina anagwera m'munda wa nandolo. Mwini njinga anakhala chinjutire, kukamwa kuli yasa, chipewa chagwera pafumbi.

Chisangalalo changa sichinakhalitse, chifukwa wakabaza uja anali atafika kale pa chigayo. Tikusekabe tinamva kulira kukuchokera kumunsi. Amayi atatu oyandikana nafe ankabwera, awiri manja ali kumutu, winayo atasenza kale mtolo wa nkhuni, akulira motchula atsibweni, kuti munthu wabwino, munthu wosayambana ndi aliyense. Phokosolo linawadzutsa atsibweniwo, ndipo anatulukira kuseri kwa nyumba, ndudu ili pakamwa.

"Kwagwanji kuno?"

Wankhuni uja anaponya mtolo n'kuthawira mu nandolo, mmene munali kale mnzathu uja.

"Mesa mwafa inu?" anafunsa wina, wolimba mtima.

"Ndafa liti?"

"Masana omwe ano. Wakabaza wanena."

Atsibweni anadziyang'ana manja, anayang'ana masamba, kenako anayang'ana ine ndi chitenje cha amayi.

Zimene amayi anandichita atabwera kudimba sindilemba. Khutu langa lakumanzere likudziwa. "Maliro ndi choseweretsa? Iwe mwana, maliro ndi choseweretsa?" Anandiyendetsa khomo ndi khomo kukapepesa, ndipo kwa amayi atatu aja ndinapepesa ndi mtima wonse, chifukwa misozi yawo inapita pachabe, ndipo ine ndimadziwa tsopano mmene munthu amakwiyira akalira pachabe. Kwa atsibweni ndinapepesa ndi pakamwa pokha. Munthu wasuta imfa ya mnzake yathunthu, akudabwa chani ikamufikira pakhomo? Komanso anamva ndi makutu awo akutchedwa munthu wabwino, zimene sanamvepo chibwerereni ku ukwati.

Lolemba nkhani inali itafika kale kusukulu, poti tinali mu yunifolomu. Madamu a Chingerezi anatiitana awirife ku laibulale, aliyense ndi buku lake. Anamvetsera mbali zonse atadzigwira pakamwa ngati dzino likuwawawa. Kenako anatenga buku langa kuti aone mmene lawonongekera, ndipo polisanthula anamatula chikuto cha simenti chija. Anayang'ana. Anatenga la sikisi n'kumatulanso. Anawaika pamodzi pa tebulo.

Pamwamba zilembo zikuluzikulu zinali zofanana, chithunzi cha chombo chomwecho. Koma m'munsi, m'tizilembo ting'onoting'ono, langa linali ndi dzina la mzimayi, lake dzina la bambo wina.

"Olemba ndi awiri?" anatero mwini njinga.

"Mwinanso ndi gulu," anatero madamu. Anatulutsa foni, anakaima pa zenera pamene netiweki imagwira, n'kuyamba kusaka. Tinadikira. Kenako anaseka okha. "Iwe, tabwera uone. Anafadi. Buku la folo, kumapeto, sipanala m'kabokosi. M'la sikisi alimo wamoyo, popanda kufotokoza kuti wadzuka bwanji. Kunjako anthu akuluakulu, andevu zawo, akhala akutukwanizana pa nkhani yomweyi."

Ndinatembenukira mwini njinga, kudikira liwu limodzi lokha. Iye ankawerenga malata a denga.

"Nanga zinatheka bwanji, madamu?" ndinafunsa.

"Eni filimu amalemba anthu aganyu. Iwe lemba ili, iwe lemba ilo, mwachangu. Wa sikisi mwina anayamba lake wa folo asanamalize. Taonaninso apa. Atatulutsa filimu yatsopano, eni akewo analengeza kuti mabuku onsewa sakuwerengedwanso, zimene zili m'menemo sizinachitike."

Sizinachitike! Apa ndiye ndinapsa mtima kuposa tsiku la mlandu lija. Amayi anga akapatsa aganyu awiri munda umodzi, wina kuyambira kumtunda wina kumunsi, amapita kukaona ngati mizere yakumana, ndipo ikapanda kukumana wina amabwereza. Awa ali ndi mafoni, ali ndi magalimoto, magetsi kwawo sathima, koma analephera kutumizirana uthenga umodzi woti, amwene, mayi uja ndamupha, usamupatse tiyi. Atasokoneza okha, m'malo mokonza akungoti sizinachitike. Ine ndanyamula chikwama cha pulifekiti, msuweni wanga wandinyanyala, khutu latupa, atsibweni aliridwa ali moyo, ndiye wina ali pa mpando wofewa kutsidya kwa nyanja akuti sizinachitike?

Madamu anandisiya ndimalize, kenako anagamula. Za masamba, ndikumbe dzenje la zinyalala. Za buku, poti wong'amba sanali ine, laibulale sanditsekera, koma mapeji osowawo ndiwalembe ndekha m'Chingerezi chabwino, mmene ndikukumbukira, adzawamate kumapeto.

Poweruka mwini njinga anafulumira kulankhula ine ndisanayambe. Anafotokoza za olemba awiri ngati wazitulukira yekha, n'kumaliza kuti, "Ndiye palibe wolakwa. M'buku lake anafa, m'langa ali moyo. Zonse n'zoona. Tiyeni tipitirize." N'kunditambasulira chikwama.

Sindinachilandire. Koma woyankha sanali ine.

"Ayi achimwene," anatero msuweni wanga. "Zonse sizingakhale zoona. Inu munatsika njinga."

"Anandipusitsa!"

"Munatsika. Chipewa munavula. Munanjuta, munati pepani, tonse tinamva. Munthu woti mwapepesa kale maliro ake sangadzuke kumamwa tiyi."

"Nanga ali m'buku langayu ndi ndani?"

Msuweni wanga anaganiza pang'ono, akuyenda. "Ndi mzukwa."

"Eya!" anakuwa amene anagwera mu nandolo uja. "N'chifukwa chake amangoti inde bwana! Mzukwa suchita makani!"

"Sipanalanso alibe," anatero wina. "Aitenga kuti? Mesa anaitaya kunja!"

"Nanga kamnyamata kaja?"

"Kanathawa! Iwe ungagwire ntchito ndi mzukwa?"

Mmene timafika pa mlatho wa mitengo, zimene zinawakanika andevu a kunja tinali titazikonza. Mwana wa kaputeni tinati bambo ake akumubisa dala, monga amachitira amuna ena akaona mtsikana. Dziwe lokha ndi limene linatikanika, mpaka lero. Msuweni wanga sananene kuti pepa. Anangondivula chikwama changa pamsana, anachikoleka pa phewa lake, n'kundikankhira pakati. "Tafotokozanso pa chitseko paja," anatero. "Koma ukandilizanso ndikumenya."

Mwini njinga anamaliza buku lake ali pambali, chikwama chili pa keliyala, ndipo nthawi iliyonse akati "mayi wa injini" gulu lonse linkayankha kuti "mzukwa uja". Ankakwiya, koma ndinaona kuti chakumapeto anayamba kutsitsa mawu mayiyo akamalowa, chifukwa anazindikira kuti buku lake layamba kukoma. Kupepesa sanandipepese. Anamaliza folomu folo n'kupita ku Limbe osandipepesa. Ndikudikirabe.

Mapeji aja ndinalemba, madamu anakonza Chingerezi changa n'kuwataipa pa kompyuta ya ku ofesi. Ndinalemba zonse mokhulupirika, chitseko, wailesi, kabokosi. Ndinangowonjezera kanthu kamodzi: pamene akutaya kabokosi kunja, msilikali wina wamatama, amene ankati mayiyo sangafe, akutsika njinga yake n'kuvula chipewa. Madamu pamenepo anadzigwiranso dzino lija, koma sanafufute.

Buku la folo likadali mu laibulale, lili ndi chikuto chatsopano cha simenti. Chaka chino alitenga ana a folomu wani, ndipo tsiku lina ndinawapeza awiri pa chigayo atatsala pang'ono kugwirana makolala. Wina akuti m'chombo simungakhale njinga, m'filimu sinaonekepo. Winayo akuti ilimo, waiwerenga yekha. Anandifunsa ine, poti ndine wamkulu.

Ndinawauza kuti ilimo.